Wezulo ya Namzeze

Iwe, usaseke njanji. Ndakumva bwinobwino ukuti ndi zitsulo zongodya dzimbiri, bola kuzizula n'kusula makasu. Sendeza mbaulayo kuno, mvula iyi sikata msanga, ndikuuze chifukwa chake ine ndikamawoloka njanji ndimavula chipewa ngati ndikudutsa pakhomo pa apongozi.

Kwa inu amene simundidziwa, ndine Yotamu Chadewa, telala, kwathu ku Ntcheu. Kuno ku Nakaphale ndinabwera makina ali pamutu, kudzakwatira Enifa, mwana wa a Matewere. Siteshoni ija mukuiona itagumukayo inali ndi moyo masiku amenewo, nthochi ndi nzimbe zili mbwee, ndipo sitima yochokera ku Limbe inkatsika m'mapiri muno ikulira.

Apongozi angawo anali munthu wa sitima kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anayamba ndi kuponya malasha m'ng'anjo, kenako anakhala dalaivala, mpaka pamene sitima za dizilo zinabwera iwo n'kupuma ntchito. Malasha anawasiyira zikhatho zouma gwaa ndi chifuwa. Akatsokomola unkadziwa uli kuseri kwa nyumba kuti ndi iwo: kawiri motsatizana, kenako kamluzu kochokera kukhosi.

Loweruka loyamba nditalowa m'mudzi, dzuwa litapendeka, ndinamva, "Akamwini, tabwerani nalo khala la moto pa phale."

Ndinayesa akufuna kuyatsa fodya. Ndinawapeza pakhonde atafunyulula chiguduli, ndipo m'katimo munali chinthu chamkuwa, kutalika kwake kuchokera pachigongono kufika padzanja, kumutu kwake ngati chikho chovundikira. Anaika khala lija mbali imodzi, kapu ya madzi mbali ina, n'kuyamba kuchikwecha ndi phulusa ndi ndimu. Akukwecha choncho ankatchula mayina a mbalame, limodzilimodzi, ngati aphunzitsi akuitana ana m'kalasi.

"Kabawi. Kakowa. Tsekwe. Nkhwazi. Njiwa. Mpheta."

Ine mumtima ndinati kalanga ine, ndakwatira kwa asing'anga.

Nditamunong'oneza Enifa, anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Si ufiti umenewo," anatero. "Ndi misala chabe. Muzolowera."

Nkhani yake a Matewere anandiuza pang'onopang'ono, Loweruka ndi Loweruka, ndipo ndikuuzani momwe anandiuzira iwo, poti ine ku Mangalande sindinapondeko. Chinthucho chinali wezulo ya sitima ya malasha. Anabwera nayo kuno ndi mzungu wina wa ku Mangalande, dalaivala, amene anthu anamutcha Ndevuzamoto. A Matewere anamuponyera malasha zaka zambiri, ndipo popeza ankapsa ndi ng'anjo imodzi tsiku ndi tsiku, anayamba kuuzana za kwawo.

Ndevuzamoto ankati kalekale, sitima zitangoyamba kumene kwawoko, kunapangidwa sitima za mtundu umodzi, zofanana ngati ana a mayi mmodzi. Sizinali zokoka katundu ayi, zinali zothamangitsa anthu pakati pa mizinda ikuluikulu. Iliyonse inali ndi gudumu limodzi lalikulu mbali iyi ndi lina mbali iyo, lalitali kuposa munthu wovala chipewa. Denga panalibe. Dalaivala ndi woponya malasha ankangoima pambalambanda, mvula, chisanu ndi mwaye zikuwamenya kumaso mpaka nkhope zawo kuuma ngati chikopa. Njanji yake inali yotakata kuposa njanji zina zonse, n'chifukwa chake zinkathamanga liwiro la mtondo wadooka osagwedezeka, anthu m'minda n'kumaima kukamwa kuli yasa.

"Iliyonse inali ndi dzina la mbalame," anatero apongozi. "Zikakumana panjira, ina ikupita ina ikubwera, zinkapatsana moni ndi wezulo. Ina ikalira, inzake iyankhe. Sizinkadutsana ngati anthu odana."

"Nanga zinatha bwanji, bambo?"

"Monga timathera ife, akamwini. Kunabadwa zina zamphamvu. Mabogi anayamba kulemera, ndipo gudumu lalikulu lija linkangozungulira pamalo amodzi njanji ikanyowa. Anazichotsa pa anthu n'kuzipatsa ntchito zakumudzi, kukoka mkaka ndi malasha. Mapeto ake akuluakulu anagwirizana kuti njanji zonse zikhale za muyeso umodzi, n'kuchepetsa yotakata ija. Tsono izo zikanayenda pati? Anazisonkhanitsa padambo kuseri kwa fakitale, kuzindandalika, udzu n'kumera m'magudumu. Kenako nyundo. Popanda ndi mmodzi yemwe wokhetsa msozi."

Koma agogo ake a Ndevuzamoto, amene anayendetsa sitima yotchedwa Namzeze moyo wawo wonse, anapita kudamboko n'kukamasula wezulo yake, kuibisa m'jekete. Inayenda m'banjamo mpaka inafika kwa mdzukulu, amene anawoloka nayo nyanja n'kudzaimanga pa sitima yake kuno. Mayina aja anali a chizungu, ndipo lilime la a Matewere linkawakana. Ndiye sitima ikamayenda, Ndevuzamoto ankaloza mbalame ndi chala n'kunena kuti iyo, ija ndinkanena ija ndi imeneyo, a Matewere n'kuipatsa dzina lakuno. Kadzidzi analiponso pamndandapo, koma ameneyo apongozi ankamutchula chapansipansi, akuyang'ana kumbali. Inalipo imodzi imene anaifunafuna zaka zonsezo osaipeza m'dziko muno. Anangoitcha Yakwao.

Malungo atamugwira Ndevuzamoto, analibe mkazi kapena mwana. Anaitanitsa a Matewere kuchipatala n'kuwauza kuti agogo ake ndi bambo ake ankapukuta wezuloyo Loweruka lililonse akutchula mayinawo, Namzeze pomalizira, ndipo iye ankaopa kuti akapita mayinawo apita naye. A Matewere anavomera. Za khala la moto ndi kapu ya madzi zija anaonjezera okha. Ankati sitima chakudya chake ndi moto ndi madzi, ndipo mlendo sungamuitane pakhomo n'kumusiya ndi njala.

Nawonso tsiku lawo litayandikira anandiitana ine. Ana awo aamuna anali ku Joni, ndipo Enifa, mayi wa kutchalitchi wovala zoyera, anali atakana kalekale.

"Sindikuti mupembedze, akamwini," anatero akupuma movutikira. "Mulungu ndi mmodzi, nanenso ndimadziwa. Koma amenewa anagwira ntchito, anafa opanda maliro, ndipo kwawo anawaiwala. Kutchula dzina kukuthyolani msana ngati?"

Mkamwini angakane chiyani? Ndinavomera.

Zaka zinapita ndikuchita zimenezo. Sindinama kuti ndinkakhulupirira kanthu. Ndinkangochita chifukwa ndinalonjeza, komanso chifukwa ndinali nditawazolowera mayinawo ngati anansi. Tsiku lina ndinayesa kuiuzira wezuloyo ndi pakamwa mpaka maso kutong'oka, koma sinatulutse ngakhale kaphokoso. Mpweya wa munthu suikwanira. Enifa ankaitcha mkazi mnzake.

"Bambo a Felita, dzuwa lapendeka," ankatero Loweruka likafika. "Pitani mukasambitse mkazi mnzanga, angakukwiyireni. Ine amene ndimakuphikirani simunandikwechepo ndi ndimu ngakhale kamodzi."

"Iwe ukuwala kale," ndinkamuyankha, iye n'kundiponyera chitsononkho.

Tsono chaka cha mvumbi waukulu uja Enifa anadwala. Chotupa m'mimba. Anaonda mpaka madiresi amene ndinamusokera ndekha ndinayamba kuwabweza m'mbali, ndipo telala akamabweza diresi la mkazi wake amadziwa zimene dokotala sananene. Mwana wathu Felita, amene anakwatiwa ku Limbe, anabwera kudzamutenga kuti akamung'ambe kuchipatala chachikulu. Ine ndinatsala kuyang'anira munda ndi nyumba. Pokwera sitima Enifa anasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Musalire, mwatsala ndi mkazi mnzanga." Anaseka, koma ine ndinabwerera kunyumba miyendo ikulemera.

Mvula inayamba tsiku lomwelo. Osati yamabingu ayi, koma ija yongowaza osaleka, nkhungu itakuta mapiri onse moti mbuzi unkaimva kulira osaiona. Uthenga wochokera kuchipatala kunalibe.

Choyamba kusowa anali makala. Ndinali ndi thumba lodzaza la makala a ayironi yanga yositira, ndipo m'mawa wina ndinalipeza litafika pakati. Ndinatukwana anansi mumtima. M'mawa mwake kabotolo ka oyilo wa makina kanali mbee, kotseka bwinobwino, ndipo sanza imene ndinkapukutira wezulo inali itachoka pamsomali. Kenako mgolo. Abale, mvula ikugwa usana wonse, madzi a padenga akuthira mumgolo, koma mgolowo n'kumatsika ngati pali ng'ombe ikumwa. Ndinauzondotsa kufuna pobooka. Panalibe.

Nkhuku zinaleka kudutsa pakati pa bwalo. Zinkazungulira m'mphepete mwa mpanda, khosi lili m'mwamba. Nditapita kukaona chimene zinkaopa, ndinapeza mizere iwiri m'matope, yowongoka ngati yolemba ndi choko pansalu, kuchokera kukhonde kulowera kunjanji. Ndinati mwina ngolo. Koma diso la telala silinama pa muyeso: mizereyo inatalikirana kuposa ngolo iliyonse, kuposanso njanji yathu. Ndipo panalibe phazi la ng'ombe kapena la munthu.

Fungo nalonso. Inu ana a masiku ano simudziwa fungo la malasha. Si la makala, si la dizilo. Limakanda pakhosi, limanunkha ngati machesi ongozima. Linkabwera masana, kudutsa pakhomo ngati munthu, n'kupita.

Tsiku lina ndinapita kusiteshoni kukafunsa ngati pali aliyense wochokera ku Limbe amene anamva za odwala. Ndinawapeza a Sandalamu, oyang'anira siteshoni, ataima pambali pa njanji, ambulera ili m'manja yosatambasula, mvula ikuwanyowetsa.

"Kukubwera sitima, a Sandalamu?"

"Lero kulibe sitima."

"Nanga mukumvera chiyani?"

Anangoloza pansi ndi mlomo. Ndinaponda njanji ndi phazi, ndipo inkanjenjemera, ikuimba chapansipansi monga imachitira sitima ikakhala kuseri kwa phiri. Tinadikira. Sipanadutse kanthu. A Sandalamu analowa mu ofesi yawo n'kutseka chitseko, osanditsanzika.

Nkhani inamveka m'mudzi, ndipo mukudziwa anthu. Amayi akandiona ankatsitsa mawu. Gogo wina anandiuza maso ndi maso kuti amenewa ndi malodza, ndikonzekeretu nkhuni za pamaliro. Ndinachita mantha, sindibisa. Osati mantha a mizukwa ayi, koma mantha akuti Enifa wapita ine ndili kuno kulondera chimanga. Ndinalowa m'nyumba, kufunyulula chiguduli chija n'kuikalipira wezuloyo ngati munthu.

"Zaka zonsezi ndakusambitsa, ndakuitanira abale ako. Malipiro ake ndi amenewa? Ngati wabwera kudzanditengera mkazi, nena!"

Inangokhala phee, ikuwala. Koma nditaigwira kuti ndiikulunge, inali yofunda ngati dzira longoikira kumene.

Uthenga unafika Lachinayi, ndi mayi wina wogulitsa nthochi amene anabwera wapansi kuchokera kumsewu. Anati anakumana ndi Felita pamsika wa Limbe: opareshoni yayenda bwino, amayi akudya, ndipo akwera sitima ya Loweruka. Ha! Ndinavina pamatope ngati mwana. Ndinasesa m'nyumba, ndinachapa zofunda ngakhale kunalibe dzuwa loziumitsa. Ndinati zonse zija zinali nkhawa chabe.

Lachisanu masana ndinatenga ndowa kupita kuchitsime. Njira yake imatsata njanji. Nkhungu inali yokhuthala moti ndinkangoona mapazi anga. Pobwerera ndinamva fungo lija, ndipo nditadzutsa mutu panali munthu ataima pakati pa njira.

Anali wamtali, atavala jekete lolemera la mabatani ambiri, losokedwa mwamtundu umene ine telala sindinauonepo. Nkhope yake inali bii ndi mwaye, yosadziwika ngati ndi mzungu kapena munthu wakuda, ndipo maso anali ofiira ngati a munthu amene wayenda nthawi yaitali moyang'anana ndi mphepo. Kumbuyo kwake m'nkhungumo munali ena. Sindinawawerenge. Ankangooneka mapewa ndi zipewa, ataima awiriawiri.

"Tipatseniko madzi," anatero.

Chimene chinandidzidzimutsa si pempholo ayi. Chinali Chichewa chake. Ankalankhula ndendende ngati apongozi anga, kakokedwe ka mawu komweko, ngati munthu amene anaphunzira chilankhulo chonse kwa munthu mmodzi.

Ndinamupatsa ndowa yonse. Sanamwe. Anaipereka kumbuyo, ndipo ndinamva madzi akuthiridwa penapake pamwamba, kenako tswiii, ngati madzi agwera pachitsulo chamoto. Ndowa inabwerera yopanda kanthu.

"Ndinu amene mumaitana Loweruka?" anafunsa.

"Ndine, bambo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza dzanja n'kugwira chipewa chake, ndipo onse a m'nkhungu aja anachitanso chimodzimodzi.

"Timamva," anatero.

Anandilambalala n'kulowera chakumtunda, kumene sitima ya ku Limbe imachokera. Sindinamve mapazi. Ndinangomva chinthu cholemera chikupuma pang'onopang'ono, fuu, fuu, chikutalikira.

Kunyumba ndinafika bwanji, sindikudziwa.

Loweruka kunacha ndi mvula yomweyo. Ndinati ndipukutiretu wezulo m'mawa kuti madzulo ndikhale ndi mkazi wanga. Ndinakonza khala, ndinatunga madzi m'kapu, ndinafunyulula chiguduli. Munalibe kanthu. Chiguduli chinali chomanga monga ndinachimangira, mfundo yanga yomwe, koma wezulo kulibe. Ndinagudubuza nyumba yonse. Kenako ndinakhala pansi, ndipo poti khala linali likuyaka kale, ndinangotchula mayinawo kwa chiguduli chopanda kanthu. Nditafika pa Namzeze mawu anandithera.

Kusiteshoni kunali anthu ambiri odikira abale awo. Nthawi ya sitima inakwana, inapitirira. A Sandalamu ankapukusa telefoni yawo, kuika kukhutu, kupukusanso.

"Yafa," anandiuza motsitsa. "Siteshoni yakumtunda inandiuza kuti sitima yanyamuka, kenako waya unangoti zii."

Pakati pa siteshoni imeneyo ndi yathu pali malo amene timati pa Mpata, pamene anadula phiri kuti njanji idutse. Njanji imakhota pamenepo, phiri kudzanja limodzi, chigwembe cha mtsinje kudzanja linalo. Tili chiimire tinamva kugunda kuchokera komweko. Sikunali bingu. Kunachokera pansi, kunalowa m'mapazi, ndipo malata a siteshoni analira. Mayi wina anakuwa kuti, "Napolo!"

A Sandalamu anagwira mutu. "Mayo ine, sitima ili m'njira. Ndiiuza bwanji?"

Pamenepo m'pamene wezulo inalira.

Ndinali ndisanaimvepo chibadwire, koma ndinaidziwa. Mawu ake anali oonda, okwera, aatali, osafanana ndi kubangula kwa dizilo. Inalira kamodzi kumtunda uko n'kuleka. Kenako ina inayankha, ya mawu okulirapo, kuchokera pamwamba pa phiri pamene palibe njanji. Ina inayankha kuchigwembe. Ina kuseri kwa siteshoni yathu yomweyi, pafupi moti ana anagwira miyendo ya amayi awo. Zinalandizana choncho, iyi ikaleka iyo yayamba, mapiri onse n'kudzaza. Nkhalamba ina imene inagwirapo ntchito panjanji inagwada m'matope, ikunena kuti, "Zamalasha! Koma zamalasha zinatha kale!"

Ine sindinadikire. Ndinathamanga kutsata njanji, a Sandalamu ndi amuna ena akubwera pambuyo. Ndinagwa, ndinadzuka, nsapato imodzi inatsala m'matope. Mumtima ndinkangoti Enifa, Enifa, wapulumuka mpeni wa dokotala kuti udzafere pakhomo?

Pa Mpata panalibe Mpata. Phiri linali litatsika lonse, mitengo, miyala ndi dothi lofiira, n'kukokolola nthaka ya pansi pa njanji kupita nayo kumtsinje. Njanji ziwiri zinkangolendewera m'malere pamwamba pa phompho. Ndinasuzumira pansi ndikuyembekeza kuona mabogi. Munali madzi okhaokha, akuwira.

Tinakwera chokwawa kuzungulira chakumtunda, tikugwira mizu. Titatsikira tsidya linalo, nkhungu inang'ambika pang'ono, ndipo ndinaona nyali. Sitima inali itaima. Yonse, yathunthu, injini ikuguguda. Kuchokera pamphuno pake kufika pamene nthaka inathera, munthu ukanaponya mwala ndi dzanja lamanzere n'kufikitsa.

Dalaivala wake, a Likoswe, anali atakhala pamwala.

"Munaona bwanji, a Likoswe?" anafunsa a Sandalamu. "Ndi nkhungu imeneyi, pokhota pamenepa?"

"Sindinaone kanthu," anayankha. "Ngakhale kugumukako sindinakumve, injini inali ikulira. Ndinamva wezulo kutsogolo kwanga. Njanji ndi imodzi, ndiye ndinati kukubwera sitima ina, tigundana. Ndinamanga mabuleki onse. Tikutsetsereka choncho, zinayamba kulira mbali zonse." Analoza kutsogolo kwa injini. "Titaima, panali chinthu patsogolopa. Sindinachione bwino. Chachitali. Gudumu lake linkafika pawindo langa, likuzungulira pang'onopang'ono pamalo amodzi. Ndipo silinali panjanji. Linali kunja kwa njanji."

Ndinayang'ana pansi. Kunja kwa njanji, mbali iyi ndi mbali iyo, munali mizere iwiri m'matope, yowongoka, yotalikirana monga ija ya pabwalo panga. Inayambira pamphuno pa sitima n'kukathera m'mphepete mwa phompho. Pakati pake, pamiyala, panali wezulo yanga. Inali itang'ambika kuchokera kumutu mpaka pansi, ndipo madontho a mvula akaigwera ankati tswii. Ndinaitola ndi chipewa.

Enifa ndinamupeza m'bogi lachiwiri, atatsamira Felita, woonda, wotuwa, koma wamoyo. Ndinagwada pamenepo pamaso pa anthu onse n'kugwira mapazi ake, ndikulira ngati mwana wotayika pamsika. Manyazi ndinalibe. Iye sanaseke, sananditonze. Anayang'ana chipewa chinali m'manja mwangacho nthawi yaitali.

"Bambo a Felita," ananong'ona, "sitima itaima, wina anadutsa panja pa windo ili. Ankayenda pang'onopang'ono, akugogoda magudumu ndi kanyundo, bogi ndi bogi. Atafika pano anaima. Sindinamuone nkhope." Anandiyang'ana m'maso. "Anatsokomola kawiri, kenako kamluzu."

Tinamunyamula pamachira kudutsa m'phiri mpaka kunyumba. Tsiku limenelo m'mudzi muno simunalire maliro ngakhale amodzi. Mgolo unadzaza, nkhuku zinayambanso kudutsa pabwalo, ndipo fungo lija silinabwerenso.

Loweruka lotsatira, dzuwa litapendeka, ndinakhala pakhonde ndi wezulo yong'ambikayo, osadziwa ngati pali chifukwa choipukutirabe. Ndinamva kukwekwereza mapazi. Anali Enifa, dzanja limodzi litagwira pabala, linalo litanyamula phale la khala la moto.

"Iwe, adokotala anati ugone."

"Adokotala sanali m'sitima muja," anatero. "Sunthani. Ndipatseni mkazi mnzanga."

Anakhala pansi movutikira, anatenga phulusa ndi ndimu, n'kuyamba kukwecha mosamala m'mbali mwa mng'alu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuphunzitse mayina, koma anali atayamba kale. Kabawi, Kakowa, Tsekwe, Nkhwazi, onse mwadongosolo lake, osaphonya ndi limodzi lomwe. Kadzidzi anamutchula chapansipansi, akuyang'ana kumbali. Yakwao sanamuiwale. Kani zaka zonse zija ankanditonza, mayinawo anali nawo mumtima kuyambira ali wamng'ono. Atafika pa Namzeze sanaime.

"Ndevuzamoto," anatero. Kenako, misozi ikugwera pamkuwa, "Matewere. Zikomo, bambo."

Ine ku Mangalande sindidzafikako, ndipo anthu a nkhope zamwaye aja sindidziwa mayina awo. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinapempha mkazi wanga ndipo ndinapatsidwa. Enifa anachira, ananenepa, madiresi aja ndinawamasulanso m'mbali. Anaona ana a Felita akubadwa, anavina paukwati wa woyamba, ndipo anandiponyera zitsononkho zina zambirimbiri. Pamene anapita, anapita atakalamba, pamphasa pake, dzanja lake lili m'dzanja langa. Zaka zonsezo zinali zongopatsidwa, ndipo palibe tsiku limene sindithokoza.

Taonani, mvula ija yakata. Iwe amene umafuna kusula makasu, tanditolera khala limodzi pambaulapo, uike pa phale ilo. Lero ndi Loweruka, dzuwa lapendeka, ndipo masiku ano dzina lomalizira ndi la Enifa. Sakonda kudikira.